Atate akudzuka kasanu usiku kukataya madzi: kodi ndi khansa ya prostate?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chadiza. Akuti: "Atate anga ali ndi zaka 66. Chiyambire chaka chatha amadzuka kanayi kapena kasanu usiku kukataya madzi, ndipo akapita kuseri amakhalitsako, mkodzo umangodontha. Akulu awo anamwalira ku Lusaka ndi matenda amene madokotala anati ndi khansa ya prostate. Kuchipatala akukana. Akuti sangalole mwana wamng'ono kuwapisa chala kumbuyo, komanso anamva kuti kumeneko amafula anthu. Mlongo wanga wa zaka 47 akuti iye ali bwinobwino, za madala sizimukhudza. Tichite chiyani?"

Amayi, m'kalata mwanu muli amuna awiri, koma inu mtima uli pa mmodzi yekha. Atate anu akaonedwe ndi dokotala mwezi uno usanathe, zimenezo n'zosachita kufunsa. Koma yankho ili mukawawerengerenso alongo anuwo, amene akuti ali bwinobwino.

Prostate ndi kachiwalo kamene mwamuna aliyense ali nako, mkazi alibe. Kamakhala kunsi kwa chikhodzodzo, kutsogolo kwa njira ya chimbudzi, ndipo ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna. Mwa mnyamata kamalemera magalamu pafupifupi 20. Tengani suku limodzi, mulibowole pakati n'kulowetsamo kabango. Chipatsocho ndiye prostate, kabangoko ndiye njira ya mkodzo. Mwamuna akamakula, makamaka akadutsa zaka 50, mnofu wa mkati woyandikana ndi kabango kaja umayamba kuchuluka n'kumakafinya. Mkodzo umachedwa kuyamba, umatuluka mofooka, umadukiza, ndipo munthu akamaliza amamva kuti wina watsalira. Chikhodzodzo chosakhuthulidwa bwino sichichedwa kudzaza, n'chifukwa chake madala amapanga njira usiku pakati pa mphasa ndi chimbudzi. Kukula kotere madokotala amati BPH. Si khansa, ndipo sikusanduka khansa. Pofika zaka 60 pafupifupi theka la amuna amakhala nako, ndipo mwa a zaka za m'ma 80 ndi owerengeka amene alibe.

Khansa imayambira pena. Nthawi zambiri imamera chakukhungu kwa chipatso chija, mbali yakumbuyo, kutali ndi kabango. Ndiye imatha kukhala zaka zingapo ikukula, munthu akukodza bwinobwino, akulima, akupalasa njinga, m'nyumba zikuyenda. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Pamene khansa ifika pofinya njira ya mkodzo kapena kupweteketsa mafupa, kawirikawiri imakhala itakula kale. Chotero kukodza movutikira sikutanthauza kuti munthu ali ndi khansa, ndipo kukodza bwino sikutanthauza kuti alibe.

Zimene mwafotokoza za atate zikufanana kwambiri ndi kukula kwa prostate kwa ukalamba. Koma pali zinanso zimene zimadzutsa munthu usiku: matenda a shuga, tizilombo m'chikhodzodzo, kapena njira ya mkodzo yopanikizika chifukwa cha chinzonono chimene munthu anadwala ali mnyamata n'kuchiiwala. Mumkodzo mukamaoneka magazi, kuno kwathu timaganiziranso likodzo, pakuti ambiri anakula akusamba m'madambo ndi m'madamu, ndipo likodzo lokhalitsa limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo, imene ndi matenda ena osiyana. Komanso BPH ndi khansa zimatha kukhala mwa munthu mmodzi. Palibe dokotala amene angasiyanitse zonsezi powerenga kalata.

Ngakhale itakhala BPH yokha, kuizengereza kuli ndi mtengo wake. Ogwira ntchito usiku m'zipatala amawadziwa madala obwera pangolo kapena pa njinga yamoto pakati pa usiku, atagwira pachinena, thukuta lili kamukamu, mimba ya m'munsi itauma gwa, mkodzo utatsekeka chiyambire masana. Timalowetsa kapaipi, mkodzo wopitirira lita imodzi n'kutuluka, munthu n'kugona tulo pomwepo pabedi loyezera. Kenaka amabwerera kumudzi ndi kathumba ka mkodzo atakamangirira pantchafu mkati mwa buluku, ndipo kutchalitchi amasiya kupita chifukwa cha manyazi. Ena mkodzo wotsalira umabwerera m'mbuyo mwakachetechete mpaka kuwononga impso. Pomwe pali mapiritsi, monga tamsulosin amene amamasula njira ndi finasteride amene amachepetsa prostate pang'onopang'ono, ndipo zikakanika pali opaleshoni yopala mnofu wotsekawo.

Kuyeza kwa chala ndikufotokozereni mosabisa, chifukwa mantha ambiri amabwera n'kusadziwa chimene chimachitika m'chipindamo. Munthu amagona chammbali atapinda maondo. Woyeza amavala magolovesi, amapaka mafuta oterera, n'kulowetsa chala chimodzi kotulukira chimbudzi. Prostate ili pomwepo, kuseri kwa khoma lopyapyala, ndipo mbali imene chala chimakhudza ndi yakumbuyo ija, kumene khansa imakonda kuyambira. Chala chimamva kukula kwake, chimamvanso ngati ili yosalala kapena ili ndi polimba ndi timibulu. Mphindi imodzi siikwana. Kupweteka kwenikweni kulibe, munthu amangomva ngati akufuna kuchita chimbudzi. Manyazi ndiwo alipo, ndipo sindiwapeputsa. Atate ali ndi ufulu wopempha kuti awayeze mwamuna, wachikulire ngati alipo, ndiponso kuti ophunzira atuluke m'chipindamo. Angathe kuyamba ndi kuyeza magazi ngati zimenezo n'zimene zingawafikitse pakhomo la chipatala, koma kwa munthu amene ali ndi zizindikiro ngati iwo, chala sindingachidumphe.

Pano ndikupempheni chinthu. Nkhani iyi musawauze ndinu. Mwana wamkazi kukamba za kumbuyo kwa atate ake, ngakhale mawu atakhala oona chotani, makutu a madala amatsekeka. Pezani msuweni wawo amene amaseka naye, mnzawo wa pansolo, kapena mkulu wa mpingo amene anayezetsapo. Amenewo angathe kuwanyogodola mpaka kukwera nawo galimoto. Inu gwirani za ndalama ya ulendo.

Kuyeza kwa magazi kumatchedwa PSA. Prostate imatulutsa puloteni inayake imene pang'ono imalowa m'magazi, ndipo ikavutitsidwa ndi chilichonse imatulutsa yambiri. Madokotala ambiri amayamba kutchera khutu nambala ikapitirira 4. Pakati pa 4 ndi 10, mwa amuna anayi ndi mmodzi yekha amene amapezeka ndi khansa. Ikadutsa 10, oposa theka amapezeka nayo. Ikafika m'mahandiredi kapena m'masauzande, nthawi zambiri khansa imakhala itafalikira kale. Kumbali ina, alipo ena ochepa amene PSA yawo imakhala yotsika khansa ilipo, n'chifukwa chake magazi ndi chala zimayendera limodzi.

Nambala imeneyi imakwezedwanso ndi zinthu zopanda vuto. Kugona ndi mkazi m'masiku awiri apitawo kumaikweza pang'ono. Tizilombo m'chikhodzodzo timaikweza kwambiri, moti ndi bwino kuchiza kaye n'kudikira milungu pafupifupi 6. Kapaipi kolowetsedwa kumene kamaikweza. Kupalasa njinga mtunda wautali nakonso kungaikweze, ndipo kuno ku Chipata, Katete ndi Chadiza zimenezi si nkhani yongowerenga m'buku, pakuti ambiri amafika kuchipatala atapalasa kuyambira tambala woyamba. Masiku awiri munthu asanayezetse apume ku njinga ndi za m'nyumba. Njingayo siiyambitsa khansa ayi, imangosokoneza nambala. Amene akumwa finasteride auze dokotala, chifukwa mapiritsi amenewa amatsitsa PSA ndi theka, nambala n'kuoneka yabwino isali yabwino.

PSA ikapezeka yokwera pang'ono, amaibwereza kaye. Ikakhalabe yokwera, kapena chala chikamva polimba, chotsatira ndi biopsy: singano yopyapyala imatapa tinyama tating'onoting'ono, kawirikawiri 10 kapena 12, timene timakaunikidwa ku labu. Ndi apo pokha pamene munthu angauzidwe kuti ali ndi khansa. Pachipepala cha zotsatira pamalembedwa nambala ya Gleason, imene masiku ano imayambira 6 kufika 10. Ya 6 ndi khansa yaulesi, ya 9 ndi 10 ndi yolusa. Mphekesera yoti singano ikakhudza khansa ndiye kuti yaidzutsa musaimvere. Chimene chimataya anthu ambiri n'chakuti akatapidwa tinyamato amapita kumudzi, zotsatira zimatenga milungu, iwo osabweranso. Siyani nambala ya foni imene imagwira, ndipo tsiku limene mwauzidwa mukapezeke.

Tsono alongo anu. Zinthu zitatu ndizo zimakweza kwambiri chiopsezo cha khansa iyi, ndipo palibe chimene munthu angachisinthe: zaka, mtundu ndi magazi a kubanja. Mwa amuna osafika zaka 40 ndi yosowa, koma kuyambira 50 imachulukirachulukira. Amuna akuda imatigwira kwambiri, ndiponso msanga. Ku Britain, kumene mawerengero amasungidwa bwino, mwamuna wakuda mmodzi mwa anayi amapezeka nayo pa moyo wake, pamene mwa azungu ndi mmodzi mwa 8. Muno m'Zambia ndiyo khansa imene imapezeka kwambiri mwa amuna. Ndipo amene atate ake kapena m'bale wake wa bere limodzi anadwalapo, chiopsezo chake chimaposa kawiri cha anzake. Kwa atate anu, akulu awo aja ndi chenjezo lalikulu. Kwa alongo anu chenjezolo ndi locheperapo, koma lilipo, ndipo likula ngati atate atapezeka nayo.

Apa ife Achewa tili ndi msampha wathuwathu. Mtundu timawerengera kuchikazi. Ukamufunsa munthu za matenda a kubanja, amakuuza za amalume ake ndi agogo a kwa amayi, za kuchimuna osazidziwa bwino, makamaka ngati ukwati unatha iye ali mwana n'kukulira kwa amayi. Khansa siidziwa za mbumba. Imadutsira mbali zonse ziwiri. Ndipo si ya prostate yokha imene tiyenera kufunsa: banja limene amayi, azakhali kapena alongo anadwala khansa ya m'mawere kapena ya thumba la mazira ali aang'ono lingakhale ndi chosintha m'magazi chotchedwa BRCA2, chimene mwa amuna chimabweretsa khansa ya prostate yolusa. Pamaliro anthu amangoti "anadwala nthawi yaitali". Funsani kuti anadwala chiyani.

Bungwe la American Cancer Society limalangiza kuti amuna ambiri ayambe kukambirana za kuyezetsa ali ndi zaka 50, amuna akuda ali ndi 45, ndipo amene abale awo apafupi angapo anadwala akadali aang'ono ayambe ali ndi 40. Alongo anu a zaka 47 nthawi yawo inakwana kale.

Koma sindikufuna kuwagulitsa PSA ngati mankhwala a pamsika. Ili ndi zovuta zake. Imaopseza amuna ambiri amene alibe kanthu, ndipo imavumbula khansa zaulesi zimene munthu akanafa nazo ali nkhalamba osazidziwa. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya amene zotsatira zake zinatuluka mu 2009 anapeza kuti kuyeza PSA kunachepetsa imfa za khansa iyi ndi 20 pa imfa 100 zilizonse, koma amuna ambiri anachitidwa opaleshoni imene sankafunikira. N'chifukwa chake mayiko ambiri sayeza mwamuna aliyense mwachisawawa. Agogo a zaka 80 amene sakudandaula kalikonse ine sindiwayeza. Koma kumbukirani kuti kumene kunachitikira kafukufukuyo vuto lawo ndi kupeza khansa zochuluka msanga. Kuno vuto lathu ndi lina: ambiri timawaona koyamba khansa italowa kale m'mafupa. Kwa mwamuna wakuda wa zaka za pakati pa 45 ndi 70, makamaka wa banja ngati lanu, ine ndimati ayezetse.

Nkhani ya kufula si bodza lenileni, ndipo kuikana kungakhale kunamiza atate. Khansa ya prostate imakula ndi mphamvu ya testosterone, imene imapangidwa m'machende. Mu 1941 dokotala wina wa ku Chicago, Charles Huggins, anaonetsa kuti mphamvu imeneyi ikachotsedwa khansa imafota ngakhale itafika m'mafupa, ndipo mu 1966 analandira nazo mphoto ya Nobel. Mpaka lero ndiwo msana wa chithandizo cha khansa yofalikira. Njira zake ndi ziwiri: jekeseni monga goserelin, wobaya pamimba mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse, kapena opaleshoni yaing'ono yochotsa machende. Zotsatira zake n'zofanana. Ululu wa m'mafupa umachepa, munthu amene ankangogona amadzuka n'kuyenda, koma chilakolako cha m'nyumba chimazirala, thupi limatentha mwadzidzidzi n'kutuluka thukuta, ndipo mafupa amafooka pakapita zaka. Palibe amene amachitidwa opaleshoni imeneyi asanafotokozeredwe n'kusayina yekha. Ndinenenso maganizo anga: kwa madala okhala kutali, amene jekeseni angamadumphitse chifukwa cha mvula, ndalama ya galimoto kapena mankhwala kusowa, opaleshoniyo si chinthu chonyozeka. Imachitika kamodzi basi. Koma atate auzidwe kuti nkhani ya machende imabuka makamaka kwa amene khansa yawo yafalikira, ndiye kuti kuthawa chipatala ndiko kumawayandikizitsa ku chimene akuopacho.

Khansa ikapezeka isanatuluke mu prostate, njira zimakhala zambiri. Yaulesi ija amangoilondera: kuyeza PSA pakapita miyezi, kuunikanso nthawi ndi nthawi, osaigwira mpaka itaonetsa kusintha. Ina amachotsa prostate yonse. Ina amaiwotcha ndi makina a radiotherapy. Ku Britain anatsatira amuna oposa 1,600 a khansa yopezeka msanga kwa zaka 15, ndipo lipoti la mu 2023 linati pafupifupi 97 mwa 100 alionse sanafe nayo, kaya anachitidwa opaleshoni, anawotchedwa kapena anangolonderedwa. Nelson Mandela anaipeza mu 2001 ali ndi zaka 83, anawotchedwa kwa milungu 7, n'kukhala mpaka 2013, ndipo chimene chinamutenga ndi matenda a m'mapapo. Desmond Tutu anaipeza mu 1997, anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 90. Chithandizochi nachonso chili ndi zipsera zake. Opaleshoni ndi radiotherapy zimatha kufooketsa mphamvu ya m'nyumba, ndipo ena mkodzo umawathawa kwa miyezi, owerengeka mpaka kalekale. Mwamuna afunse zimenezi asanasankhe, mkazi wake ali pomwepo.

Kwa ife a kum'mawa, chithandizo cha akatswiri a khansa chimatanthauza ulendo wa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH). Kuchokera ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, tsiku lathunthu m'basi kudutsa pa mlatho wa Luangwa, ndipo kwa munthu wokodza pafupipafupi ulendo umenewu ndi chilango pawokha. Radiotherapy imaperekedwa Lolemba mpaka Lachisanu kwa milungu ingapo, ndiye banja liyambiretu kuganiza za kogona ndi womudikirira. Koma musathamangire ku Lusaka popanda kalata. Yambani pa kiliniki yanu kapena chipatala cha boma lanu. Makiliniki ang'onoang'ono nthawi zambiri sayeza PSA, adzakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete. Khadi la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA ngati lilipo litengeni, pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene atate akumwa, a chikuda omwe.

Pali zizindikiro zimene sizidikira mwezi. Msana kapena chiuno chowawa usana ndi usiku, chosaleka ngakhale munthu atagona, makamaka akamaonda, si khasu ayi. Kumudzi munthu wotere amati ali ndi kanyera, mkazi wake n'kuyamba kulozedwa chala kuti sanadzisunge, miyezi n'kumatha akumwa mizu. Khansa ya prostate siichokera kwa mkazi, siipatsirana pogonana, ndipo siibwera chifukwa chogonana kwambiri kapena kusagonana. Ikafalikira imakonda mafupa a msana ndi chiuno. Miyendo ikayamba dzanzi kapena kufooka, munthu akamalephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, ndiye kuti mtsempha wa msana wapanikizika. Limenelo ndi tsiku lomwelo, ngakhale usiku, chifukwa masiku ochepa okha amasiyanitsa woyenda ndi wopuwala. Chimodzimodzi mkodzo ukatsekeratu. Ndipo ngakhale khansa itafika posachiritsika, ululu uli ndi mankhwala. Morphine woperekedwa ndi achipatala sikuti ndi wotsanzikira, ambiri amamwa kwa miyezi akuyenda ndi kucheza.

Mabotolo amene akugulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp, olembedwa kuti amatsuka prostate, palibe limene linaonetsedwa kuti limachiza khansa. Ndalama ya botolo ikhale ya galimoto. Kusiya fodya, kuchepetsa thupi ndi kusakhala chikhalire zimathandiza thupi lonse ndipo munthu amapirira bwino chithandizo, koma sizilowa m'malo mwa kuyezetsa.

Azimayi m'dziko muno akhala akuyezedwa khomo la chiberekero kuyambira 2006, ndipo amakumana kusikelo, komwe nkhani zotere zimafalikira zokha. Amuna alibe sikelo. Ambiri chipatala amachiona akaperekeza wodwala kapena akabwera atanyamulidwa. Ndiye alongo anu akapita, asapite okha. Aperekeze atate, ayambe ndi iwo kutambasula mkono kuti atapidwe magazi, madala akuona. PSA yawo ikakhala pansi pa 2.5 angathe kubwereza pakapita zaka ziwiri, ikakhala 2.5 kapena kuposa abwereze chaka chilichonse. Chipepala cha zotsatira asachitaye, achijambulenso pafoni, chifukwa dokotala wa chaka chamawa adzafuna kuona ngati nambalayo yaima kapena ikukwera, ndiponso ikukwera mwa liwiro lotani.